Funso Lachitatu

Funso lachitatu linali lalifupi:
Tchulani mfundo yaikulu m'nkhani ya mlonda uja.
Malikesi anayi.

Ndinanyamula mapepala a Fomu Folo m'jumbo ya shuga
kuchokera ku Ndirande, minibasi ziwiri, mpaka ku Chilobwe,
chiperoni chikunyambita mayina a ana anga m'mphepete.

Umphawi.
Umphawi.
Umphawi ndi woipa.
Wina analemba umpawi, ndinam'patsa atatu.
Sindikuwadzudzula ayi.
Ndine ndinawalembera mawuwo pabolodi, ndi choko chachikasu,
ndikuti lowezani, amabwera chaka ndi chaka,
ndipo iwo anameza osatafuna
monga timamezera panado pa basi.

Pepala la makumi anayi ndi chimodzi
linali la Ndaziona Chikafa,
uja amakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera lopanda galasi,
uja sanakwezepo mkono chilowereni Januwale.
Iye analemba mawu amodzi: Mawa.

Bolopeni yanga yofiira inali itatsika kale.
Koma pansi pake, timalemba tating'ono ngati nyerere, anapitiriza:
Aphunzitsi, ndawerenga.
Mawu oti mawa akupezeka kakhumi ndi kamodzi.
Bwana akuti malipiro mawa.
Adokotala akuti mankhwala mawa.
Mlonda naye akafika kunyumba akuuza mwana wake kuti nsapato mawa.
Wosauka si amene alibe chabe,
ndi amene amauzidwa kuti abwerenso.

Pepala la mayankho linali pambali panga, lodindidwa chidindo.
Mawa munalibemo.

Magetsi anathima.
Ndinayatsa tochi ya foni, ndikutsegula buku lija,
lomwe ndaliphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi,
lomwe ndimalinena pamtima ndikuyang'ana kudenga,
ndikuyamba kuyendetsa chala mzere ndi mzere
ngati wotola nthongo mumpunga.
Kamodzi. Kawiri. Kasanu.
Ndinapeza khumi ndi awiri.
Mtsikanayo anaphonya amodzi, a patsamba lomaliza,
pamene mkazi wa mlonda akufunsa wopala bokosi.

Ndinadziwa pambuyo pake, kwa mphunzitsi mnzanga,
kuti bambo ake a Ndaziona amadzuka nkhuku zisanalire
kukaima pageti la fakitale ku Makata
pamodzi ndi amuna ena zana, manja m'matumba,
mpaka kapitawo atatuluka ndi kuloza asanu.
Otsalawo amawoloka Mudi kubwerera
atanyamula mawu omwe aja.

Lolemba ndinalowa m'kalasi wopanda notsi.
Ndinati tsekani makope.
Mfundo yaikulu siikhala pachikuto ngati mtengo wa sopo mugolosale.
Funani chimene chikubwererabwerera,
chimene wolemba walephera kuchisiya,
ngati lilime pa dzino lobooka.
Funsani kuti ndani akulankhula, ndani wangoti chete,
nanga watsala ndi chiyani m'manja nkhani ikamatha.

Kunali zii.
Kenaka Saidi, katswiri wa tulo, anadzutsa mutu:
Sala, mlondayu nkhani yonse ali kunja kwa geti.
Ngakhale kuchipatala. Ngakhale kwa apongozi ake.
Esinala anati ayi, nkhaniyi ndi ya manyazi,
taonani mmene akubisira yunifomu yake m'chikwama
asanakwere basi ya ku Limbe.
Anakangana mpaka belu,
zala zili pamasamba, aliyense ndi umboni wake,
ndipo sindinawalekanitse.

Ndaziona sanayankhule.
Anangotembenuza pepala lake, kuona anayi ofiira aja,
ndi kulipinda kanayi, ndi kulilowetsa m'thumba la siketi.

Sindidziwa ngati wochonga mayeso enieni, kutali uko,
atatopa, tiyi atazizira, mulu uli m'khosi,
adzaime pa mawu amodzi a mwana wa ku Ndirande
ndi kutsegula buku.
Ndawauza kuti alembe umboni, tsamba ndi tsamba.
Ndawauzanso, motsitsa mawu, kuti umphawi asauiwale.

Nditaweruka ndinadzera ku ofesi ya maphunziro
kukafunsa za ndalama zanga za chaka chatha.
Mlembi sanakweze n'komwe maso.
Ndinaseka ndekha pamasitepe
iye asanatsegule pakamwa.